Mphindi 20 zimene mizinda ya ku China imangoti zii

Chaka chilichonse pa 8 June masana, misewu yoyandikana ndi malo olembera mayeso m'dziko la China imakhala bata. Apolisi amaletsa oyendetsa galimoto kuliza hutala ndipo ntchito zomangamanga zimayamba zaima. Nthawi imeneyi ophunzira amakhala atatchera khutu ku mawu a Chingerezi ochokera pa zimkuzamawu, ndipo kaphokoso kalikonse kangathe kulanda mwana malikisi amene wakhala akuwakhetsera thukuta kwa zaka zitatu.

Kumvetseraku ndi gawo la gaokao, mayeso olowera kusukulu zaukachenjede, amene adayambiranso mu 1977 atakhala ataimitsidwa kwa zaka zoposa khumi. Mu 2024 adalembetsa anthu oposa 13 miliyoni. M'zigawo zambiri malikisi onse amakwana 750, ndipo chilankhulo chakunja chimatenga 150, mofanana ndi masamu komanso Chitchaina. Ochuluka zedi amasankha Chingerezi. Pachinamtindi chotere, malikisi awiri kapena atatu amatha kuika mwana patsogolo kapena pambuyo pa anzake zikwizikwi.

Papepala limene zigawo zambiri zimalemba, kumvetsera kuli ndi mafunso 20 a malikisi 30, ndipo kumatha pafupifupi mphindi 20. Ophunzira amamva anthu akukambirana za mitengo ya katundu, maulendo kapena nthawi yokumana. Kwa zaka zambiri funso lachitsanzo lidali la mtengo wa shati, ndipo yankho lake, £9.15, lidatchuka mpaka kusanduka nthabwala pakati pa amene adadutsamo.

Msampha wagona pakuti mayankho atatu olembedwa papepala angathe kutchulidwa onse m'zokambiranazo. Wina akanena kuti akumane Lachiwiri, mnzake n'kukana n'kusankha Lachinayi, mwana wongotola liwu loyamba kulimva amagwa. N'chifukwa chake aphunzitsi amazoloweretsa ana kuwerenga mafunso m'timasekondi tochepa mawu asanayambe, kuti khutu lidziwiretu chimene likusaka. Sukulu zambiri zimapatula nthawi yoyeserera pafupipafupi pogwiritsa ntchito mayeso a zaka zam'mbuyo.

Kuwerenga kuli ndi malikisi 50. Pali nkhani zinayi za mafunso 15, kenaka nkhani ina imene achotsamo ziganizo zisanu. Wophunzira amapatsidwa ziganizo zisanu ndi ziwiri kuti asankhe zoyenera m'mipatamo. Apa kuloweza mawu oposa 3,000 amene amafunika sikukwanira, chifukwa mwana ayenera kutsata mmene ganizo likuyendera kuchoka pa ndime ina kufika pa inzake.

Kuwerenga kudalowereranso ngakhale m'gawo lolemba. Mu 2016 chigawo cha Zhejiang chidayambitsa funso limene wophunzira amawerenga nthano yosamaliza, iye n'kuipitiriza ndi ndime ziwiri. Funsoli lafalikira kuzigawo zina ndipo lili ndi malikisi 25. Wosamvetsa nthanoyo sangapulumuke ndi chimangirizo choloweza pamtima.

Kusinthaku kudadza kaamba ka dandaulo lakale limene Atchaina amalitcha “Chingerezi chosalankhula”: mwana kudziwa malamulo onse a chilankhulo koma osamva kapena kuyankha mlendo. Popeza aphunzitsi amalimbikira zimene zimabwera pamayeso, akuluakulu a maphunziro adaona kuti njira yosinthira kaphunzitsidwe ndiyo kusintha mayesowo. Ku Beijing, kuyambira mu 2021, malikisi 50 amachokera ku mayeso omvetsera ndi kulankhula a pakompyuta, amene wophunzira angathe kuwayesa kawiri. Ku Shanghai ndi Zhejiang mayeso a Chingerezi amalembedwa kawiri pachaka.

Komabe khutu limazolowera zimene limamva kawirikawiri. Mwana wa mumzinda waukulu, amene makolo ake adamugulira mabuku ndi zipangizo zomvera kuyambira ali wamng'ono, amayamba mpikisanowu ali kale patsogolo pa mnzake wakumudzi. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene nthumwi zina pamisonkhano yaikulu ya dzikolo zakhala zikupemphera kuti kulemera kwa Chingerezi pamayesowa kuchepetsedwe. Ena akutsutsa, ponena kuti mwana wosauka akapanda kuchiphunzira kusukulu alibe kwina kochipeza. Pamene mtsutsowu ukupitirira, malikisi 150 aja akadalipo.