Mamba a nsomba asanduka ndalama

Abale anzanga, mamba ndi khungu la nsomba zimene timataya kudzala, anzathu ku Japan ndi ku Ulaya akudyerapo. Amachotsamo puloteni yotchedwa collagen, nkuiphwanya tizidutswa totchedwa peptides kuti izisungunuka msanga. Akatero amagulitsa ngati ufa wothira mu tiyi kapena m'phala, mtengo wake wodula zedi.

Collagen ndiye amalimbitsa khungu, mafupa ndi mitsempha, koma munthu akamakula amachepa, makwinya nkuyamba. Akafukufuku ena apeza kuti ufawu umathandizako khungu kuti lisaume. Koma ine ndikuti tisatengeke, poti kafukufuku wambiri amalipirira ndi eni malondawo. Agogo sangabwererenso ku utsikana ayi! Ndipo amene nsomba zimawawenga asayerekeze dala.

Nsomba imene makampaniwa amaikonda ndi tilapia, mtundu wa chambo chathu chomwechi. Msuzi wa mutu wa chambo ukazizira umagwirana, eti? Ndi collagen yemweyo, wophika. Usipa ndi matemba timadya ndi khungu ndi minga yomwe. Onjezerani magwafa kapena malambe, chifukwa popanda vitamini C thupi silipanga collagen wolimba. Ndalama ya ufayo kagulireni ndiwo ana adye.