Chipewa cha Chilembwe Pabwalo la ku London

Omvera athu, makamaka inu a ku Mitundu ndi ku Nathenje, mumamdziŵa bwino Kasiyamaliro. Za kudambwe sitiziulula pa wailesi. Tingonena zimene maso a aliyense amaona, kuti thupi lake ndi la udzu ndi makoko a chimanga, ndipo maonekedwe ake ndi a nyama ya m'tchire. Lero tikufotokozerani m'mene chilombo chimenechi chinatchukira kutali ku Mangalande.

M'mwezi wa September 1922 ayi, koma wa 2022, pabwalo la Trafalgar Square mumzinda wa London, anavundukula chiboliboli chamkuwa chosulidwa ndi Samson Kambalu, Mmalaŵi wobadwa m'chaka cha 1975. Iye anachitcha Antelope pokumbukira Kasiyamaliro yemweyu. Komatu pachiboliboli palibe nyama. Pali anthu aŵiri: Mbusa John Chilembwe ndi mnzake wachizungu John Chorley, monga m'mene anaimira pachithunzi cha m'chaka cha 1914, patsogolo pa tchalitchi cha ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu.

Nkhani yonse yagona pachipewa. Masiku amenewo munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa Mzungu. Akakumana naye panjira ankayenera kuchivula. Pachithunzipo Chilembwe wavala chake, Mzungu ali pambali pake. Kambalu sanaonetse mfuti, magazi kapena zikoti za thangata la ku Magomero. Anangotenga chipewacho, kenaka nakuza Chilembwe kuti atalike koposa, Chorley n'kukhala wamng'ono. Pabwalo lodzaza ndi zifanizo za akuluakulu a nkhondo a ufumu wa Britain, ameneŵa ndi mawu olasa.

Nanga Gule Wamkulu akuloŵapo bwanji? Nzeru yodzudzula wamphamvu popanda kumtchula dzina ndi yakale kwathu kuno. Taganizani za Simoni wa nkhope yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuŵa: anthu amaseka, koma uthenga umafika. Kusiyana kwake n'kwakuti Kasiyamaliro amatenthedwa mwambo ukatha, pamene Kambalu anasankha mkuwa, umene chiswe sichidya. Ife tikuona kuti anasankha bwino, pakuti Chilembwe ataukira boma la atsamunda pa 23 January 1915, anaphedwa pa 3 February, ndipo tchalitchi chakecho asilikali anachigumula.

Chiboliboli chinakhala pamalopo zaka ziŵiri, kufikira m'chaka cha 2024.