Mivi Iwiri Imene Imasunga Injini ya Lole

Tomato, kabichi ndi anyezi amene amafika pamsika wa Soweto m'bandakucha, wambiri amabwera pa malole ang'onoang'ono a dizilo amene anagwira kale ntchito zaka zambiri ku Japan asanatsike padoko la Dar es Salaam ndi kulowera pa Nakonde. Ndiwo a Mitsubishi Canter, Toyota Dyna ndi Isuzu Elf, omwewo amene masana amasenza mchenga, miyala ndi mabuloko m'Kanyama, Chawama ndi George, kapena kunyamula anamfedwa popita kumanda a Chingwere. Ambiri a inu amene munamaliza maphunziro mumachita hayala malole amenewa, ndipo ena mukusunga ndalama kuti mudzagule yanuyanu.

Injini ikafera panjira, mlimi amataya kawiri. Mabokosi a tomato amafewa padzuwa poyembekeza lole ina, ndipo ndalama zokonzera injini zikhoza kudya phindu la dimba lonse. Komatu si kawirikawiri injini kufa osachenjeza. Imachenjeza kudzera m'mivi iwiri yapatsogolo pa woyendetsa: wina umaonetsa kutentha kwa madzi, wina mphamvu imene oyilo akuyendera. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo m'lole anansi ake ndi amenewa.

Geji ya kutentha

Injini ya dizilo imagwira bwino ntchito madzi ake akakhala pakati pa madigiri 80 ndi 95. Malole ambiri ochokera ku Japan alibe manambala pageji, ali ndi zilembo C ndi H zokha, choncho ntchito yoyamba ya woyendetsa ndi kudziwa pamene muvi wa lole yake umakhazikika injini ikatenthera, kawirikawiri pakati kapena pansi pang'ono. Muvi ukayamba kukhala pamwamba pa malo ake a masiku onse, ngakhale usanafike pofiira, chinachake chasintha.

Chimene chimasunga muvi pamalo amodzi ndi thermostat, kachitseko kamene kamatsekera madzi m'injini mpaka atenthe, ndipo pa injini zambiri zotere kamayamba kutseguka pa madigiri 76 kufika 82. M'magalaja ena am'komboni muli chizolowezi chochotsa kachitsekoka ponena kuti kuno kumatentha kale. Zotsatira zake zimaoneka m'mawa wa Juni ndi Julayi, pamene muvi umangogona pa C ulendo wonse. Injini yozizira siwotcha dizilo yense. Wotsalayo amatsuka oyilo m'makoma a masilinda ndi kutsikira m'sampu, motero injini imadyeka msanga ndiponso imamwa mafuta ambiri.

Chivundikiro cha radiyeta nachonso si chotsekera wamba. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotere madzi a mumphika amawira pa madigiri pafupifupi 96, osati 100. Chivundikiro cholembedwa 0.9 chimapanikiza madzi kuti asawire mpaka apitirire madigiri 110. Mphira wake ukatha, kapena wina akatsekapo ndi pulasitiki ndi chingwe cha chubu, madzi amawira muvi usanapite patali, ndipo amatha pang'onopang'ono woyendetsa osadziwa.

Madzi amene timathira nawonso ali ndi mlandu. Mbali yaikulu ya Lusaka, kuphatikizapo Kanyama ndi Chawama, ili pamwamba pa miyala ya laimu, n'chifukwa chake madzi a m'zitsime ndi m'mijigo amasiya zoyera zolimba m'ketulo. Zomwezo zimamatirira m'timachubu ta radiyeta mpaka kutitseka. Thirani mankhwala a m'radiyeta osakaniza ndi madzi a batire, kapena madzi amvula osefa bwino. Kunja kwa radiyeta kumafunanso diso: matope a m'misewu yosefukira ya m'Kanyama nthawi ya dzinja, mapepala a pulasitiki, ndi mungu wa chimanga nthawi yokolola zimatseka njira ya mphepo.

Nthawi imene muvi ukukwera imalozanso kumene kuli vuto. Ukakwera pamene mwaima pamzere wa magalimoto pa Lumumba Road, n'kutsika mukayamba kuthamanga, ndiye kuti mphepo ikuchepa; onani fani, lamba wake ndi zinyalala zapatsogolo pa radiyeta. Ukakwera pamtunda pokha, monga pa Munali Hills pochokera ku Mazabuka kapena m'mapiri a Great East Road kufupi ndi mlatho wa Luangwa, ndiye kuti radiyeta yatsekeka m'kati, katundu wachuluka, kapena giya ndi yaikulu. Tsitsani giya msanga, pakuti injini ikazungulira momasuka pampu ya madzi ndi fani zimathamanganso. Choopsa koposa ndi muvi umene unali pamwamba n'kugwa mwadzidzidzi. Kachipangizo koyeza kutentha kamayeza madzi, ndiye madzi akatha kamatsala pouma n'kumanama, chitsulo chili kupsa.

Muvi ukayandikira pofiira, patukani ndi kuima. Ngati lamba ali bwino ndipo madzi sakutayika, isiyeni injini ilire pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo kuti madzi azizungulira. Ngati lamba waduka kapena madzi akutuluka, zimitsani pomwepo. Musatsegule chivundikiro mpaka chubu chapamwamba chitazizira moti n'kuchigwira ndi dzanja, chifukwa madzi opanikizika amatumphukira kumaso. Musathirenso madzi ozizira m'injini yotentha. Silinda hedi imapindika kapena kung'aluka.

Geji ya oyilo

Geji iyi siyeza kuchuluka kwa oyilo. Ntchito imeneyo ndi ya kachitsulo kovviika m'sampu. Iyo imayeza mphamvu imene oyilo akukankhidwira. Pampu imamutumiza m'timipata topapatiza ta pakati pa shafiti ndi mabeyaringi, ndipo kuvutika kwake podutsa pamenepo ndiko kumakweza muvi. Mabeyaringi akadyeka timipatato timakula, oyilo amathawa mosavuta, muvi n'kutsika.

Magejiwa amalembedwa mosiyanasiyana, koma bar imodzi ndi yofanana ndi 100 kPa, kapena 14.5 psi, ndipo ndi pafupifupi 1 kg/cm². M'mawa oyilo ali wokhuthala, muvi ukhoza kufika pa 5 kapena 6, ngakhale pa injini yotha. Musakhulupirire muvi wam'mawa. Choonadi chimaoneka lole itayenda theka la ola ndi katundu. Pamenepo injini yabwino ya mtundu umenewu imaonetsa bar 3 kufika 5 pothamanga, ndi bar imodzi kapena kupitirirapo itaima ikulira. Injini zimasiyana, choncho buku la injini yanu ndilo loyenera kutsatira, koma muvi wogwera pansi pa bar imodzi injini itatentha ndi wofunika kuufufuza tsiku lomwelo.

Malole ambiri ali ndi nyale yofiira yokha m'malo mwa geji. Nyaleyi imayaka mphamvu ikatsika pansi pa theka la bar, ndiye kuti imachenjeza zinthu zitafika kale poipa. Ikayaka muli paulendo, imani ndi kuzimitsa injini nthawi yomweyo, ngakhale Soweto akuonekera patsogolo. Mabeyaringi ouma satha mphindi zambiri. Kuikitsa geji yeniyeni n'kwanzeru, koma kumbukirani kuti malole ambiri a Canter ndi Elf amayendera magetsi a 24 volts, ndipo geji ya 12 volts yogulidwa mosafunsa idzapsa kapena kunama.

Mphamvu ya oyilo ikatsika, yambani ndi zapafupi. Muvi wogwedezeka pokhota kapena pomanga mabuleki umasonyeza kuti oyilo wachepa ndipo pampu ikukoka mpweya. Oyilo amene akuchuluka yekha, ali wamadzimadzi ndi fungo la dizilo, walowedwa mafuta, kawirikawiri chifukwa cha manozo odontha. Oyilo wa mtundu wa tiyi wamkaka walowedwa madzi, kaya gasiketi yapsa kaya lole inamira m'chithaphwi. Injini zimenezi zimakonda oyilo wa 15W-40 wa dizilo, wogulidwa m'chigubu chomatidwa, pakuti wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu simungadziwe kumene wachokera. Kuthira oyilo wokhuthala kwambiri kumakweza muvi, koma sikubwezeretsa chitsulo chimene chadyeka. Kachipangizo kotumiza uthenga kugeji nakonso kamafa. Makanika asanamasule injini, mupempheni kuti amangepo geji yake yachubu ndi kuyeza injini ili yotentha.

Mivi iwiriyi iziwerengedwa pamodzi, chifukwa kutentha kumasungunula oyilo. M'mwezi wa Okutobala, pamtunda wautali, si zachilendo kuona wa madzi ukukwera pang'ono wa oyilo n'kutsika pang'ono, kenako yonse n'kubwerera mukafika pachidikha. Koma wa madzi ukapitiriza kukwera, wa oyilo n'kupitiriza kugwa, imani. Wa oyilo ukagwa wokha wa madzi uli pamalo pake, vuto lili kwa oyilo, ndipo palibe chodikira.

Pogula ndi pochita hayala

Mukamaona lole yogulitsa ku Matero, Mtendere kapena Kalingalinga, fikani injini isanalizidwe. Potembenuza kiyi, nyale ya oyilo iyenera kuyaka, ndipo izime patangopita masekondi ochepa injini italira. Nyale yosayaka konse ingakhale kuti babu lake linachotsedwa dala. Injini ikadali yozizira, tsegulani chivundikiro cha radiyeta, muilize, ndipo muone ngati mukutuluka thovu losalekeza, chizindikiro cha gasiketi yakupsa. Kenako pemphani kuyenda nayo theka la ola, ndipo mukaima muone ngati nyale ya oyilo ikuphethira. Mwini wokana mayeso amenewa wakuuzani kale zimene mumafuna kudziwa.

Pochita hayala, khalani kutsogolo ndi kuyang'ana ngati mivi ikugwira ntchito musanakweze bokosi loyamba. Lole ya mivi yakufa, yokhala ndi zigubu zingapo za madzi kumbuyo kwa mpando, si yoyenera kuipatsa tomato wa nyengo yonse, ngakhale mtengo wake utsike.

Amene muli kale ndi lole, sungani kope laling'ono m'kabati, monga muja timalembera tsiku lobzala ndi lothira feteleza. Kamodzi pamlungu, pamsewu womwewo ndi katundu wofanana, lembani pamene mivi yonse iwiri yaima. Nambala ya tsiku limodzi siuza zambiri, koma ya miyezi itatu idzakuonetsani radiyeta ikutsekeka kapena mabeyaringi akutha, nthawi ikadalipo yoti musankhe nokha mlungu wokonzetsa, mbewu zisanakhwime.