Musafulumire Kutulutsa Mfumukazi

Ana inu, pali mipikisano ya chesi imene aliyense aloledwa kulowamo, mwana wa sukulu ndi katswiri yemwe. Yambiri yotere itsata njira ya Swiss, imene inayambira ku Zurich m'caka ca 1895. Maina alembedwa monga mwa mphamvu za osewera, nagawidwa pakati, ndipo pa masewera oyamba a gulu lapamwamba akumana ndi a gulu lapansi. Motero wongoyamba kumene apezeka atakhala moyang'anana ndi munthu womposa kutali.

Apa ndi pamene msampha uja wa kusukulu ugwira mwini wake. Muudziwa bwino: msilikali pa e4, mfumukazi pa h5, bishopu pa c4, awiriwa kulunjika pa f7, malo otetezedwa ndi mfumu yokha. Mnzanu wosazindikira agonja pa kusuntha kwacinai. Koma wozolowera ayamba ndi msilikali pa e5 ndi kavalo pa c6, nakankhira msilikali wina pa g6. Mfumukazi yanu ithawira pa f3, iye natseka njira ndi kavalo wacibili pa f6. Werengani tsono: mfumukazi yayenda kawiri osapindula kanthu, akavalo anu akali m'khola, ake onse ali pabwalo.

Aphunzitsi, msamphawu aonetseni ana kuti adziwe kuupewa, koma asaudalire. Pambuyo pa e4 ndi e5 azolowere kutulutsa kavalo pa f3, bishopu pa c4, kenaka kubisa mfumu kumbali. Kayambidwe aka kachedwa Italian, ndipo kapezeka m'mabuku a chesi kuyambira zaka za m'ma 1500.