Mwana wa kadzidzi akagwa m'chisa musamuphe, ndi mlonda wa mpunga wanu

Nyengo yokolola mpunga ikayandikira ku Bua, m'boma la Nkhotakota, ana ndiwo amayamba kutola tiana ta mbalame. Amatandala m'munda kupirikitsa mpheta, legeni ili m'khosi, ndipo madzulo ena amabwera kunyumba atafumbata kamwana ka njiwa, ka pumbwa kapena ka tchete komwe kagwa m'chisa ndi mphepo ya mwera. Kamwanako amakaika m'chitini, nkukapatsa phala ndi madzi. Kawirikawiri sikatha masiku awiri.

Koma pali mwana wa mbalame mmodzi amene sapatsidwa ngakhale phalalo. Ameneyu ndi wa kadzidzi. Akangopezeka pansi pa denga la sukulu, kuseli kwa tchalitchi kapena mzikiti, ngakhale m'shedi yosungira mpunga, anthu amathamangira miyala ndi zibonga. Amati wabwera ndi maliro, kapena wina wamutuma. Pa tsamba lino sitiweruza nkhani za ufiti. Ife tikamba za ulimi, ndipo pa ulimi mbalame imeneyi ili ndi ntchito yomwe mlimi akadati alipire munthu, thumba likadabooka.

Mtsinje wa Bua umachokera ku Mchinji, nkudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota usanathire m'nyanja. Ndi mtsinje womwe mpasa zimakwera kukaswa, komanso ndi womwe umathirira sikimu ya mpunga ya Bua. M'nkhalangomo, yomwe kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,800, mudawerengedwa mitundu ya mbalame yoposa 280. Bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa nkhalangoyi mu 2015 mogwirizana ndi boma, ndipo mu 2016 ndi 2017 lidasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Waya wamagetsi amaletsa njovu kutuluka, koma mbalame sadziwa waya. Zimagona m'nkhalango nkudzadya m'minda yathu, zina zimamanga zisa m'midzi mwathu momwemo. Choncho mlimi wa ku Bua amakumana ndi ana a mbalame kawirikawiri kusiyana ndi mnzake wa m'tauni.

Adani a usiku

Mlimi aliyense amadziwa mdani wa masana, mpheta, chifukwa amamuona. Mdani wa usiku amangoona ntchito zake m'mawa: mapesi a mpunga odulidwa m'munsi, mbewu zofukulidwa m'mapando, matumba obooka m'nyumba. M'nyumba ndi khoswe, m'munda ndi mbewa, makamaka kapuku. Kapuku wamkazi amakhala ndi bere masiku 23 okha, ndipo kubereka ana 10 kapena kuposerapo nthawi imodzi si chachilendo kwa iye. Anawo pakangopita miyezi yochepa nawonso ayamba kubereka. Ofufuza a ku Sokoine University ku Morogoro, m'dziko la Tanzania, adapeza kuti mbewa zimawononga matumba 5 mpaka 15 pa matumba 100 alionse a chimanga chaka ndi chaka, ndipo chaka chomwe zaswana kwambiri chiwonongeko chimaposa apa.

Kadzidzi amene tikunena pano ndi uja wa nkhope yoyera, yooneka ngati mtima, wopanda nthenga zonga nyanga pamutu. Salira "huu huu" ngati anzake aja. Iye amakuwa mokhadzula, ndipo ana ake amachita phokoso ngati munthu woliza mkonono kapena njoka yolusa. Phokoso limeneli, likamveka m'denga pakati pa usiku, ndi lomwe lidamuipitsira mbiri. Chakudya chake chachikulu ndi mbewa ndi makoswe. Wamkulu amadya mbewa zitatu kapena zinayi usiku umodzi, ndipo banja limodzi lomwe likulera ana limatha mbewa zoposa 2,000 pa chaka.

Kumtunda, ku Dowa kapena ku Kasungu, wina akhoza kudandaula kuti kadzidzi akumulanda ndiwo. Kuno kunyanja, komwe kondowole amayendera usipa ndi chambo ndipo ambiri mbewa sadya nkomwe, dandaulo limenelo palibe.

Maiko ena adazindikira kale zimenezi. Ku Israel, alimi a pamudzi wa Sde Eliyahu adayamba mu 1983 kupachika mabokosi m'minda kuti akadzidzi aziswamo, pofuna kuchepetsa mankhwala a makoswe. Ntchitoyi idafalikira m'dziko lonselo mpaka mabokosi kufika masauzande, ndipo alimi a ku Jordan nawo adaitengera, ngakhale kuti kumeneko anthu ambiri ankaopa kadzidzi monga momwe timamuopera ife. Ku Malaysia nako amachita chimodzimodzi m'minda ya mpunga ndi ya migwalangwa ya mafuta.

Wagwa pansi, titani?

Apa ndi pomwe ambiri ofuna kuthandiza amasokonezeka, chifukwa si mwana wa mbalame aliyense wopezeka pansi amene ali pa mavuto. Kamwana ka pumbwa kapena ka njiwa komwe kamera nthenga thupi lonse, kakudumphadumpha ndipo maso ali gwa, sikadatayike. Kakuphunzira kuuluka, ndipo make ali pamtengo pompo akudikira kuti inu muchoke. Kasiyeni. Ngati pali mphaka kapena galu pafupi, kanyamuleni nkukaika pa nthambi. Anapiye a nkhwali ndi a nkhanga nawo amayenda tsiku lomwe aswedwa, ndipo mukawaona ali okha ndiye kuti make wabisala chifukwa cha inu. Kamwana kopanda nthenga, kapena komwe maso sadatseguke, ndiko koyenera kukabwezera m'chisa msanga.

Pali chikhulupiriro choti ukagwira mwana wa mbalame make amamukana chifukwa cha fungo la munthu. Zimenezi si zoona. Mbalame imazindikira ana ake ndi maso ndi makutu, ndipo imapitiriza kuwadyetsa ngakhale mwawagwira.

Mwana wa kadzidzi wa nkhope yoyera ndi wosiyana ndi onsewa, ndipo mfundo iyi ndiyo yofunika kuisunga. Makolo ake amadyetsa ana omwe ali m'chisa basi. Amene wagwa pansi samulabadira, ngakhale alire bwanji. Mukamusiya pansipo poganiza kuti make abwera, adzafa ndi njala kapena adzadyedwa ndi galu. Ayenera kubwezedwa m'chisa momwe wachokera, osati pafupi ndi chisa ayi, koma mkati mwenimweni.

Chisa chake sichovuta kupeza. Kadzidziyu samanga ndi udzu. Amaikira mazira m'denga, m'mphako ya mtengo, kapena m'chisa chachikulu chija cha nantchengwa, chomwe nthawi zina amachita kulanda mwini wake. Yang'anani pomwe khoma layera ndi zitosi, ndipo pansi pali timibulu takuda ta ubweya ndi mafupa tomwe amalavula akadya. Pamwamba pa malo amenewo ndi pomwe pali ana. Mukakwerapo mudzapeza ana osiyana misinkhu, wina wamkulu wina kakhanda. Musadabwe: mazira, omwe amakhala 4 mpaka 7, amaikiridwa motalikirana masiku awiri kapena atatu, ndipo amaswa motsatana chomwecho patatha mwezi. Anawo amakhala m'chisa pafupifupi miyezi iwiri asanauluke.

Pomugwira samalani zikhadabo, chifukwa ndiko kuli ukali wake, osati kukamwa. Akaopsedwa amagona chagada nkutambasula miyendo. Mufunditseni chitenje kapena thumba, mugwire miyendo yonse iwiri pamodzi, ndipo mumubwezere m'chisa dzuwa likamalowa, nthawi yomwe makolo ake ali pafupi kuyamba kusaka. Ntchitoyi ndi ya munthu wamkulu wokhala ndi makwerero olimba, osati kutuma mwana.

Ngati wavulala

Phiko lolendewera, mwendo wothyoka, magazi, kapena mbalame yongogona osadzutsa mutu, izi ndi zizindikiro zoti kubwezera m'chisa sikuthandiza. Choyamba chomwe mbalame yotere imafuna si chakudya, koma kutentha, mdima ndi bata. Tengani katoni, muiboole timabowo ta mpweya, muyalemo nsalu yakale. Thirani madzi ofunda m'botolo, mulikulunge ndi nsalu nkuliika pambali pake, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Tsekani katoniyo ndipo muletse ana kumasuzumiramo. Mbalame yakutchire imatha kufa ndi mantha okha.

Musaithire madzi kukamwa. Mpita wa mpweya wa mbalame uli kumbuyo kwa lilime penipeni, ndipo madzi othira ndi supuni amapita m'mapapo. Ana a mbalame ambiri omwe amafera m'manja mwa ana athu amafa motere. Mkaka nawo ayi, mbalame siyamwa. Nsima ndi phala zimangotseka m'mimba mwa mbalame yomwe chakudya chake ndi tizilombo kapena nyama.

Katoniyo isayandikire khola. Mbalame zakutchire zimatha kunyamula chitopa ndi matenda ena a nkhuku, ndiye sibwino kupulumutsa mbalame imodzi nkutaya khola lonse. Mukaigwira sambani m'manja ndi sopo. Mbalame yomwe mwaipeza yodwala popanda bala lililonse, kapena mukaona zingapo zitafa malo amodzi, musazigwire. Dziwitsani alangizi a ziweto.

Tinene mosabisa kuti kulera kamwana ka mbalame zing'onozing'ono mpaka kuuluka ndi ntchito yomwe mlimi sangaikwanitse nyengo yokolola. Kamafuna kudyetsedwa chiswe, tiziwala kapena mphutsi pa mphindi 20 kapena 30 zilizonse kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Ndani angasiye mpunga ukuyoyoka m'munda chifukwa cha pumbwa? Nchifukwa chake tikulimbikira zobwezera m'chisa.

Mwana wa kadzidzi ndi wopepukirako chifukwa amadya usiku ndipo chakudya chake chili m'nkhokwe mwanu momwemo. Ngati mukumusunga usiku umodzi kapena uwiri podikira thandizo, mupatseni mbewa ya pa msampha, yoduladula ngati ali wamng'ono, pamodzi ndi ubweya ndi mafupa ake. Nyama ya mnofu wokhawokha imamupatsa mafupa ofooka, miyendo nkupindika. Usipa wouma ndi nyama ya mchere musayese. Ndipo chachikulu: musamupatse khoswe amene wafa ndi mankhwala.

Koma kumusunga mpaka kalekale ayi. Mbalame yoleredwa m'manja imazolowera anthu, siidziwa kusaka, ndipo tsiku lomwe idzatere pakhonde la munthu wina kupempha chakudya, mukudziwa kale zomwe zidzaichitikire, ndi zomwe anthu adzanene za inu. Palinso lamulo. Lamulo la nkhalango ndi nyama zakutchire la 1992, lomwe lidakhwimitsidwa mu 2017, limaletsa kusunga kapena kugulitsa nyama ndi mbalame zotetezedwa popanda chilolezo, komanso kulowa m'nkhalango kukatenga mazira kapena ana a mbalame ndi mlandu. Mukapeza kadzidzi, nkhwazi kapena mbalame ina yaikulu itavulala, uzani alonda a nkhalango ya Nkhotakota kapena a dipatimenti yoona za nyama zakutchire. Ku Lilongwe kuli malo a Lilongwe Wildlife Centre komwe kuli madokotala olandira nyama ndi mbalame zovulala. Ndi kutali ndithu, pafupifupi makilomita 200 kudzera ku Salima, koma a zankhalango amadziwa njira yolumikizirana nawo.

Mankhwala a makoswe

Akadzidzi ambiri safa ndi miyala yokha. Khoswe akadya mankhwala ena aja ochedwa kupha, amayenda mozandima masiku angapo, ndipo ndi amene amagwidwa msanga. Kadzidzi akamutengera kuchisa, ana ake akhoza kufa. Tameki, amene ena amagula mobisa m'misika, ndiye woopsa zedi: amapha khoswe, mphaka, galu, nkhuku, ngakhale mwana wa munthu. Mlimi amene wathira mankhwala mwa njira imeneyi amapha mbewa za sabata imodzi pamodzi ndi mlonda wa chaka chonse, ndipo mbewa, zomwe zimaswana msanga kuposa kadzidzi, ndizo zimayamba kubwerera. Ngati pafupi ndi munda kapena nkhokwe yanu pali chisa, gwiritsani ntchito misampha, lambulani udzu m'migula ndi m'mbali mwa ngalande momwe mbewa zimakumba mauna. Ngati mwathirabe mankhwala, tolani makoswe akufa m'mawa uliwonse nkuwakwirira mozama.

Amene safuna phokoso la kadzidzi m'denga la nyumba yake, ndipo sitimudzudzula chifukwa fungo lake nalo si labwino, adikire ana auluke kenako atseke bowo. Kenaka amupangire malo kumunda. Kalipentala aliyense wa pa Nkhotakota kapena pa Dwangwa akhoza kukhoma bokosi la matabwa otsala, lalikulu ngati katoni ya sopo, lokhala ndi denga losadontha. Khomo likhale la masentimita 13 mbali zonse, ndipo likhale m'mwamba, masentimita 45 kuchokera pansi pa bokosilo. Kuzama kumeneku ndi komwe kumaletsa ana kugwa asanamere mapiko. Lipachikeni mamita atatu kapena kuposerapo, pa mtengo wa mthunzi kapena pansi pa denga la shedi, khomo litayang'ana kumunda koma litafulatira mwera. Alimi a m'sikimu, omwe minda yawo ndi yogundizana, akhoza kusonkherana pa kalabu nkupachika angapo m'mphepete.

Kadzidzi salowa tsiku lomwelo. Bokosi likhoza kukhala chaka lili lopanda kanthu, ndipo nthawi zina njuchi ndizo zimayamba kulowamo. Musamalitsegule kuti muone. Muziyang'ana pansi pake. Mukayamba kupeza timibulu takuda tija, phwanyani kamodzi ndi kamtengo. Mudzapezamo ubweya, timafupa ndi tizigaza ta mbewa tokhala ndi mano achikasu akutsogolo, kawirikawiri tiwiri kapena titatu m'kambulu kamodzi.