Mukugula nyumba ya sola kwa Mwambo? Dziwani kaye mwini wa magetsiwo

M'midzi ya kwa T/A Mwambo ndi kwa Kuntumanji, pa Jali kapena ku doko la Kachulu, mapanelo a sola ali mbwee pa madenga. Nyumba yotere ikamagulitsidwa, mwiniwake amakweza mtengo: "Achimwene, iyi ndi ya magetsi kale." Koma panelo kukhala padenga sikutanthauza kuti ndi yake.

Mabanja ambiri anatenga sola pangongole kumakampani monga Yellow, Zuwa Energy ndi Vitalite. Munthu amapereka ndalama yoyamba, kenako amalipira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba. Akalipira, nthawi zambiri amalandira manambala pafoni oti alowetse m'kabokosi ka batire kuti magetsi ayake. Akadumphitsa, kabokosiko kamadzitseka kokha. Ngongoleyo ili m'dzina la amene anasaina, pa chitupa chake cha unzika ndi nambala yake ya foni, osati pa nyumbayo. Mukangolowa osasintha kalikonse, mauthenga onse azipitabe kwa iye. Kuno kunyanja ya Chilwa nkhaniyi ndi yaikulu, pakuti asodzi ndi ogula matemba amasamuka madzi akaphwa, monga zinachitikira mu 1995 ndi mu 2018. Wogulitsa akapita ku Mangochi kapena kutsidya ku Mozambique, mudzamupeza kuti tsiku limene magetsi adzathime?

Choncho musanapereke ndalama, muitanitse pepala la mgwirizano ndi nambala ya akaunti. Kenako nonse awiri mukumane ndi ejenti wa kampaniyo, kapena muimbe foni kukampani muli limodzi, mumve ndi makutu anu ndalama imene yatsala, ngati akulola kusintha dzina, komanso ngati malonjezo okonza zida zikaonongeka adzagwirabe ntchito kwa inu. Kampani iliyonse ili ndi njira yakeyake. Ngati ngongole ilipo, muichotsere pa mtengo wa nyumba, kapena wogulitsa amalize kulipira inu mukuona uthenga wotsimikiza. Mawu akuti "ndizikutumizirani manambala" musawavomere, ngakhale akuchokera kwa wachibale.

Sola yogula ndi ndalama zonse pamsika ilibe vuto la dzina, koma funsani lisiti, chifukwa mapanelo obedwa amagulitsidwanso. Mupite kukaona madzulo, osati masana dzuwa likuswa mtengo. Batire lotopa limaoneka lamoyo masana; usiku mukayatsa mababu onse ndi wailesi, mpamene limaulula. Batire ndilo limayamba kufa, ndipo kugula lina kumafuna ndalama zambiri.

Nanga zoti boma kapena ESCOM imalipira munthu chifukwa cha magetsi a padenga pake? Ena anamva kwa achibale a kunja. N'zoona kuti ku Britain, kuyambira mu Januwale 2020, pali ndondomeko ya Smart Export Guarantee, yomwe makampani amagulira magetsi otsala kwa eni nyumba, ndipo wogula nyumba amayenera kulembetsa m'dzina lake kuti azilandira. Kuno kwathu amene amadziwika pogulitsa magetsi a dzuwa ku ESCOM ndi makampani akuluakulu okhala ndi chilolezo cha MERA ndi mgwirizano wolembedwa, monga JCM yomwe inamanga malo a mamegawati 60 ku Salima mu 2021 ndi ena a mamegawati 20 ku Golomoti. Sola ya m'mudzi yosalumikizidwa ku mawaya a ESCOM situmiza magetsi kwina kulikonse, ndiye palibe malipiro oti akusiyireni. Wina akakuuzani kuti alipo, akuonetseni pepala. Phindu lenileni ndi lotchajitsa mafoni, lometa tsitsi kapena loonetsa mpira, ndipo limadalira makasitomala, amene akhoza kutsatira mwini wakale. Ngati nyumbayo ilinso ndi mita ya ESCOM, mupite ku ofesi yawo ku Zomba mukasinthitse dzina ndi kufunsa ngati pali ngongole.

Chachikulu koposa zonsezi ndi nthaka imene nyumbayo yakhalapo. Malo ambiri kuno ndi a makolo, ndipo m'chikamwini bambo amene anamanga nyumba ndi kugula sola kawirikawiri si mwini malo. Malowo ndi a kuchikazi. Zimandipweteka kuona mayi ndi ana akutulutsidwa chifukwa mkamwini anagulitsa mwamseri. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022, linakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi agulupu, okhala ndi anthu ena 6 osankhidwa, mwa iwo amayi osachepera atatu. Mufike kwa amfumu ndi kukomitiyo komwe ilipo, mulankhule ndi mwinimbumba, ndipo mufunse ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya boma la Zomba zimene lamulo likulola pa malo amenewo.

Pa pepala logulitsirana mulembe chinthu chilichonse pachokhapachokha: mapanelo angati, batire, invetala, mababu, mawaya, ndi manambala olembedwa pa zidazo. Mulembenso tsiku losintha dzina ndi amene alipire zotsala. Asaine wogulitsa, mkazi kapena mwamuna wake, mboni za mbali zonse ziwiri, ndipo amfumu adinde chidindo.