Kufulatirana m'banja: ndi kutopa kapena chilango?

Ndinakulira m'komboni za m'mafamu a ku Mazowe, m'chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe, komwe makolo athu ochokera ku Malawi ndi Mozambique ankagwira ntchito. Maukwati ambiri kumeneko ankamangika popanda ankhoswe, poti amalume anatsala kumudzi. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, ntchito zinatha, ndipo m'nyumba zambiri munalowa chete: bambo osayankhula, mayi kugona atayang'ana kukhoma, wowakhazika pansi palibe. Zomwezi ndikuziona pano pamsasa, n'chifukwa chake ndati tikambirane.

Sikuti kutalikirana kulikonse ndi nkhanza. Pachikhalidwe chathu, mayi akabereka banja limapuma mpaka mwambo wotenga mwana utachitika. Onse awiri amadziwa chifukwa chake, amadziwanso kuti zidzatha liti.

Palinso kulephera. Nkhawa, njala, mowa, matenda a shuga, zoopsa zimene munthu anaona pothawa kwawo, ngakhale kugona chipinda chimodzi ndi ana, zonsezi zimazimitsa chilakolako. Munthu wotere amafunika chipatala ndi uphungu, osati kunyozedwa kapena kuganiziridwa zibwenzi.

Chilango chimasiyana ndi zonsezi chifukwa chimachitika mwadala. Mnzako amaseka ndi anthu panja, koma akalowa m'nyumba moni sayankha. Ukafunsa chimene walakwa, amati palibe. Nsima amadya osakuyang'ana, ukadwala sakufunsa. Kenako amamasuka pokhapokha wapeza chimene amafuna, kaya ndi ndalama, khadi lolandirira chakudya, kapena kuti usiye kucheza ndi abale ako. Abambo amachita zimenezi, amayinso amachita. Wolangidwayo amayamba kudzikayikira, amapepesa zimene sanalakwe, ndipo ana amaphunzira kuti m'nyumba muli mantha.

Lamulo la Zimbabwe la Domestic Violence Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2007, limaika kuzunza m'maganizo ndi kumana ndalama zofunika pakhomo m'gulu la nkhanza za m'banja. Koma mvetsani bwino apa: aliyense ali ndi ufulu wokana kugonana. Kuyambira 2001, kukakamiza mkazi wako ndi mlandu wogwirira. Kumanidwa sikupatsa munthu chilolezo chokakamiza kapena kumenya.

Akulu anati chete sautsa nyama. Sankhani nthawi imene ana kulibe, nenani zimene zikukupwetekani popanda kuloza chala, ndipo mufunse mnzanuyo ngati akudwala kapena ali ndi mantha. Ngati mukufuna kupuma, nenani chifukwa chake. Zikakanika, pezani woima m'malo mwa nkhoswe: mkulu amene nonse mumamukhulupirira kapena alangizi a pamsasa pano. Pakakhala kuopsezana kapena kumenyana, pitani kwa oona zachitetezo. Ku Zimbabwe kulinso Victim Friendly Unit ya apolisi ndi bungwe la Musasa, lomwe lakhala likuthandiza amayi ozunzidwa kuyambira 1988.